Kumbuyo kwa Sitima ya ku Munich

Tsiku limene Obrad ankabwerera ku ntchito ku Munich, mkazi wake Zagorka anakana kumuthirira madzi. Jagi inali yodzaza kale patebulo la kukhitchini, yoyera ija ya apongozi ake, yobenthuka pakamwa. Koma bamboyo atanyamula masutikesi n'kuyamba kutsika masitepe, Zagorka anangopinda manja n'kutsamira chitseko.

"Pitani," anatero. "Akakuthirireni omwe akukudikirani kumeneko."

Obrad sanacheuke. Anakhota pakona pa golosale n'kuzimiririka.

Kwathu ku Belgrade munthu sachoka pakhomo chouma. Kaya akupita ku usilikali, kaya ku mayeso, kaya kukazulitsa dzino, wina amamukhuthulira madzi m'mbuyo kuti ayende bwino ndi kubwerako. Zagorka anali atachita zimenezi chaka ndi chaka chiyambire pamene Obrad anapita kukamangira Ajeremani nyumba. Ankati n'zachikale, ankaseka pothirapo, koma sanadumphitsepo chaka. M'nyumbamo munalibe mwana, ndipo mumtima mwake ankadziwa kuti palibe chambiri chokokera mwamuna kuchoka ku Munich. Chomwe ankaopa n'chakuti chilimwe china adzaphika, adzasesa, adzadzola, koma sitima idzafika yopanda Obrad.

Ndewu ya tsikulo inayambira pa sitima. Tchuthi chisanathe n'komwe, Obrad anati achoka lero lomwe, ndipo akwera yochokera ku Athens basi. Ya ku Athens, abale! Sitima yonunkha mapazi a anthu a mayiko atatu, yofika nthawi imene yafuna, yodzaza anyamata andevu ogona m'makhonde atakumbatira magitala. Pomwe mawa lake kunali ina yoyambira konkuno, yosesedwa bwinobwino.

"Sitima ya Agirikiyi inakudyetsani chiyani?" anafunsa Zagorka.

"Ukundifunsa ngati wapolisi wa m'malire," anatero Obrad.

"Wa m'malire amatsegula sutikesi. Ine ndikufuna nditsegule mutu wanuwo ndione muli ndani."

Zinangokwera kuchokera pamenepo. Zagorka anatchula Mjeremani wamkazi amene ankamutchula chaka chilichonse mongocheza, wamtali, wa tsitsi ngati ndevu za chimanga, wosadziwa kukazinga ngakhale dzira. Zaka zonsezi Obrad ankaseka nawo. Lero sanaseke.

Chitseko chitangotsekeka, mayi Stamena anayamba kulira kuchipinda kwawo. Apongoziwa miyendo inawatupa kalekale, ndipo wowasambitsa, kuwatikita ndi kuwatayira chikho cha usiku anali Zagorka yemweyo. Koma pakamwa pawo pokha panali pamphamvu ngati pa mtsikana.

"Wandiphera mwana! Wamutulutsa chouma ngati galu!"

"Galu akamva njala amabwera yekha, mayi."

"Uyu sabwera. Ndikumva m'mafupamu."

"M'mafupa mwanumo mumamva mvula tsiku lililonse, ndipo sikugwa."

Anayankha choncho, komatu mawuwo anamulowa. Anatsuka mbale imodzi kawiri. Anapinda nsalu yopinda kale. Jagi ija inali phee patebulo, ikumuyang'ana. Pomaliza anaitenga kuti angokhuthulira pamasitepe nkhani ithe.

"Usayerekeze!" anakuwa mayi Stamena, omwe ankati makutu awo anafa. "Madzi amathiridwa msana wa munthu ukuoneka. Ukathira pano uthirira mphaka wa aneba. Thamangira ku siteshoni, ya Agiriki sinafikepo pa nthawi yake chibadwire changa."

"Nanga akakhala kuti akwera kale?"

"Msana wa sitima ndiwo msana wake. Ndipo akhale omwewa, a pampopi wathu. Madzi a ku siteshoni sadziwa njira ya kuno."

Mchimwene wake wa Zagorka, Budimir, ankakhala mseu wachiwiri, ndipo ankayendetsa galimoto yogawa buledi m'magolosale. Anamupeza atakhala panja, ali chivesiti, akudya chivwende.

"Achimwene, lizani galimoto."

"Kwafa ndani?"

"Palibe. Mundisiye ku siteshoni."

Budimir anayang'ana jagi, anayang'ana mlongo wake, n'kulavula njere. "Ozimitsa moto ayamba kulemba akazi?"

"Mukaseka ndithira inuyo, muyende bwino mpaka kumanda."

Anaseka ndithu, njira yonse. Galimoto ya buledi sinapangidwire madzi. Pamiyala ya mseu wotsikira ku mtsinje wa Sava inkadumpha ngati mbuzi, ndipo Zagorka anavindikira jagi ndi chikhatho, madzi akumutuluka m'mipata ya zala n'kumunyowetsa siketi.

"Anthu aziti mlongo wanga wadzikodzera chifukwa cha chikondi," anatero Budimir.

"Yang'anani mseu."

"Mlamu wangayo ngakhale umuthire mtsinje wa Danube wonse, mutu wake ndi wouma basi."

Siteshoni yathu yaikulu ili ngati thumba, polowera ndi pomwe potulukira. Sitima za ku Sofia, za ku Istanbul, za ku Athens, zonse zimalowa chamutu n'kukaima pakhoma pomwe njanji zathera. Mwana aliyense wa mumzinda muno amadziwa zimenezi. Koma Zagorka anali asanaperekezepo Obrad ku siteshoni, ntchito yake inkathera pakhomo.

Ya ku Athens inali itafika, injini yake ikupuma wefuwefu pakhoma paja. Anthu anali piringupiringu, amayi akukankhira mitolo pamawindo, azibambo akupsompsonana masaya katatu katatu ngati sadzaonananso. Zagorka anaima n'kuganiza. Mutu wa sitima uli apa, ndiye kuti kumbuyo kuli kutali uko. Koma kuyenda pansi pa mawindo onsewo jagi ili m'manja, Obrad n'kumuona? Azidzati wabwera kudzapepesa. Bola kufa.

Anazembera kuseri kwa sitima ya ku Istanbul yomwe inaima pambali, n'kuyenda motsatira iyo mpaka pomwe simenti yathera ndipo payambira udzu. Atatulukira anapeza bogi yomaliza ya sitima ya Obrad ili poteropo, chikwangwani chake cha Munich chili mbee. Anayang'ana uku ndi uku, anapendeketsa jagi, madzi n'kuyamba kugwera pamiyala ya njanji.

"Mayi, mwadzala chiyani pamenepo?"

Anali mkulu wina wa njanji, wa ndevu zachikasu ndi fodya, yemwe ankayenda ndi nyundo yaitali kumagogoda mateyala a sitima. Zagorka anadzutsa jagi, madzi atatsala theka.

"Ndikuthirira amuna anga m'mbuyo. Zikukukhudzani?"

"M'mbuyo? Ha! Tasunthani, mungapondedwe."

Zagorka atacheuka anaona chiinjini china chikubwera chafutambuyo pang'onopang'ono, chikuponda madzi ake, mpaka chinakagunda bogi ija kuti gwa! Sitima yonse inanjenjemera.

"Uku ndiye kutsogolo, mayi," anatero mkuluyo.

"Mwaledzera? Si inalowa ndi mutu uko?"

"Inalowa ndi mutu, ituluka ndi matako. Zonse zimatero pano, ngakhale ya ku Paris ndi ulemu wake wonse."

Zagorka anayang'ana madzi ake aja pamiyala. Chibadwire anali asanamvepo za munthu wothiridwa madzi kutsogolo. "Nanga ukathira kutsogolo zimatani?"

Mkuluyo anakanda m'khutu ndi chala. "Kaya. Mwina amangopitirira mpaka kukagwera m'nyanja. Apongozi anga bwenzi nditawayesera, koma sayenda."

Zagorka sanamve zotsalazo. Analiyatsa liwiro kubwerera njira yomwe anadzera, kuseri kwa ya ku Istanbul, jagi itapanikizidwa pachifuwa. Ali pakati anamva wezulo. Anamva zitseko zikumenyetsedwa, zitsulo zikukokana. Anapunthwa pa mtolo wa gogo wina wa ku Turkey, anatukwanidwa m'chiyankhulo chomwe sankachimva koma anachimvetsa. Potulukira kukhoma kuja anapeza injini yakale ija itasiyidwa yokha, ndipo kuseri kwake kunali njanji zokhazokha. Sitima inali itakhota kale.

Budimir anali pomwepo, akukukuta chimanga chootcha.

"Wathira?"

"Kutsogolo."

Budimir anatsamwa. Atamva nkhani yonse anachita kugwira mzati. "Mayo ine! Ndiye unathamangiranji? Ukanangoima pomwe unaliripo, matako ake akanakudutsa pamphuno!"

Zinali zoona, ndipo n'zomwe zinamupweteka kwambiri. Zagorka anakhala pa sutikesi ya munthu wosamudziwa n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, kwa mamina. Ankamukonda Obrad. Ndi mimba yake yomwe inkakula chaka ndi chaka, ndi mawu ake omwe ankachepa chaka ndi chaka, ankamukonda, ndipo tsopano anali atamutulutsa chouma n'kumutsukiranso njira yopitira.

Budimir anataya chitsononkho. Kuseka mlongo wake ankakutha, koma kumuona akulira ayi.

"Dzuka, iwe. Madzi atsala ochuluka bwanji?"

"Theka."

"Akwana. Sitimayo siuluka. Izungulira kaye kuseri kwa mashedi, ikwere mlatho wakale mokwawa ngati ikuopa kunyowa, kenako ikaima tsidya lija pa kasiteshoni ka pakati pa nyumba zosanja zatsopano, kudikira ya ku Zagreb idutse. Ndimasiya buledi kumeneko, ndimaziona zitaima ngati ng'ombe padibi. Tiye!"

Ali pa mlatho wa galimoto anaionadi chakumanzere, ili pa mlatho wake wachitsulo, ikukwawa, dzuwa likuiwomba m'mawindo. Budimir anaiimbira hutala n'kuitukwana mayi ake. Kenako anatsekereza basi, anadutsa pomwe wapolisi anakweza dzanja, n'kumufuulira kuti buledi akupsa.

Anafika sitima itangoima kumene. Koma pa kasiteshoni aka panalibe pobisala. Pokwerera panali pamodzi, ndipo polowera pake panali kumutu kwa sitima. Kuti akafike kumbuyo, Zagorka anayenera kuyenda pansi pa windo lililonse.

"Pita," anatero Budimir. "Akakuona uziti ukugulitsa."

Sitimayo madzi anali atathamo isanatuluke n'komwe m'dziko la Agiriki. Anthu anali lendelende m'mawindo, mabotolo opanda kanthu ali m'manja, ndipo ataona mayi wa jagi anayamba kukuwa aliyense m'chiyankhulo cha kwawo. Mnyamata wina wandevu anamuonetsa mtima ndi manja. Zagorka anamuonetsa chibakera. Ankayenda mutu uli pansi, koma diso likuba m'mabogi a anthu wamba, momwe Obrad ankati amakhala chokhala usiku wonse bondo la munthu lili m'mimba mwake. Sanamuone, ndipo mtima unakhalako pansi. Chakumapeto kunatsala bogi yogona, yabuluu, ya makatani ndi nsalu zoyera pamabedi. Kumeneko sanavutike n'kuyang'ana, mumagona madokotala ndi mabwana.

"Achemwali! Inu a jagi!"

Pakhomo la bogi yogonayo panaima mtsikana. Anali wamfupi, wa tsitsi lakuda lomangidwa ndi kampango, ndipo kayankhulidwe kake kanali ka kummwera kwathu konkuno, kwa alimi a tsabola, komwe amameza theka la mawu. Anali ndi pakati, mimba ili kutsogolo ngati yabwera payokha. Dzanja limodzi anagwira chitsulo cha pakhomo, lina anagwira chibenthu cha gibanitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi.

"Pepani achemwali, ndigawireniko pang'ono pokha. Chichokere kwathu sindinamwe kanthu, ndiye amuna anga angokwera kumene ndi chitumbuwa ichi, apongozi anga aphika. Chokoma, koma mchere, mayo!"

Zagorka anayang'ana kansalu komwe kanakulunga chitumbuwacho. Kanali ka mizere yofiira, komwe anasoka yekha pakona pa makina ake osokera ndi ulusi wakuda poti wofiira unamuthera. Gibanitsayo anadzukira mbandakucha kuti aiphike.

"Mchere ndi wokwana," anatero.

Mtsikanayo anaseka, osamva. Anacheukira m'kati. "Obrad! Tabweretsa kapu, kuli mayi wachifundo kuno!"

Ndipo anatulukiradi. Obrad, atavula kale malaya, ali chivesiti, ku mapazi patapata, kapu ili m'manja, ngati munthu ali m'nyumba mwake. Ataona yemwe waima pansipo nkhope inachita kuyera ngati ufa.

Zagorka anadabwa kuti chomwe chinayamba kumupweteka si mimbayo. Zaka zonsezi ankalimbana ndi Mjeremani wamtali, ndipo Mjeremaniyo akanamukhululukira, poti munthu sungapikisane ndi dziko lonse la Jeremani. Koma uyu anali mwana wa kwathu, wa zikhatho zokhakhala ngati zake, wa ndolo zotchipa ngati zake, yemwe anapita kukaonetsa mimba kwa makolo ake n'kukwera sitima ya ku Athens pobwerera. Obrad anapita kutali konseko kukapeza Zagorka wina, wobereka.

"Mukudziwana?" anafunsa mtsikanayo, akuyang'ana uyu ndi uyu.

Obrad anayang'ana m'kapu yake. "Ndi aneba," anatero. "Aneba a mayi. Amawathandiza."

Aneba! Zagorka anamva ngati wamenyedwa khofi pagulu. Mawu anali atadzaza kale m'kamwa, ndipo amene amamudziwa Zagorka akudziwa kuti akanayamba, ya ku Zagreb ikanadutsa, ya ku Vienna ikanadutsa, iye akadali pa agogo ake a Obrad. Koma mtsikanayo anali atatambasula dzanja, milomo yake ili gwa, yosweka ndi ludzu, ndipo m'maso mwake munalibe chilichonse choti n'kudana nacho. Sankadziwa kanthu, wosauka.

Kumbuyo kwa sitima kunali pafupi, bogi imodzi yokha. Madzi anali okwana. Akanatha kuwathira, Obrad n'kudzabweranso chilimwe chamawa kudzadya, kudzagona chopenyetsa nkhope kukhoma, n'kudzapezanso chifukwa chothawira msanga.

Anakweza jagi.

"Kapu ya chiyani? Imwani pomwepa, mwana wanga. Samalani, m'pobenthuka."

Mtsikanayo anapatsira Obrad chitumbuwa, anagwira jagi ndi manja awiri n'kumwa. Anamwa ngati mwana wa ng'ombe, osapuma, madzi akutsikira m'khosi mpaka m'diresi. Kuseri kunadutsa ya ku Zagreb ndi chiphokoso chake. Wezulo inalira. Iye anali akumwabe.

"Mulungu akudalitseni," anatero atamaliza, akupuma mwamphamvu. "Mwana wasuntha, wamva madzi! Mukawauze apongozi anga kuti tidzabwera naye."

Sitima inagwedezeka n'kuyamba kuyenda. Mtsikanayo anaweramira pansi kuti abweze jagi, koma Zagorka manja anali atawapinda. Obrad anamukokera mtsikanayo m'kati, wantchito wa m'bogimo anatseka chitseko, ndipo jagi ya mayi Stamena inanyamuka ulendo wa ku Munich pa bedi la nsalu zoyera. Bogi yomaliza inadutsa pamphuno pa Zagorka monga ananenera Budimir. Anaiyang'ana mpaka inakhota.

Budimir anali ataona zonse ali chapatali. Pobwerera sanaseke, sanatukwane ngakhale woyendetsa basi. Ali pa mlatho anangoti, "Ndikanakhala ndi mfuti."

"Mukanaphonya," anatero Zagorka. "Mukafika mundidikire pansi, ndikaone ngati apongozi amwa mankhwala."

Anapeza mayi Stamena atadzikoka mpaka kukhitchini, chinthu chomwe ankati sangathe popanda wowagwira. Anali pampando pafupi ndi windo, maso ali pakhomo.

"Wathira?"

"Ayi."

"Nanga jagi yanga ili kuti? Madzi apita kuti?"

"Wamwa mdzukulu wanu."

Zagorka ananena dala choncho, kuti mawuwo awagwere ngati mphika. Anadikira kuti akuwe, afunse kuti mdzukulu uti, atemberere mwana wawo, amugwire dzanja alire limodzi. Zaka zonsezi anali awiriwiri m'nyumbamo, kukangana masana, kufunditsana usiku, ndipo pa anthu onse a pansi pano Zagorka ankati awa okha ndiwo ali mbali yake.

Mayi Stamena sanakuwe. Anayang'ana manja awo, anasalaza epuloni pamaondo, kenako anakweza maso, ndipo m'masomo munali chimwemwe chomwe analephera kuchibisa.

"Wamuona? Ali bwino? Miyendo sinamutupe?"

Pansi pa windo galimoto ya buledi inkalira payokha.

"Munkadziwa," anatero Zagorka.

"Mwana wanga, ndine wokalamba. Obrad anandilonjeza kuti mwanayo akabadwa adzabwera naye ndidzamunyamuleko ndisanafe. Ndiye iwe wamutulutsa chouma, ndikanatani?"

"Ndiye munandithamangitsa mzinda wonse kuti ndikathirire madzi mwana wa mkazi wina."

"Ndi magazi athu, Zagorka. Iwe sungamvetse." Anatambasula mwendo umodzi n'kubuula. "Tabwera unditikite, lero yandivuta kwambiri."

Zagorka anauyang'ana mwendowo. Ankaudziwa kuposa nkhope ya mwamuna wake, mtsempha uliwonse, pomwe pamapweteka, pomwe pamafuna mafuta. Chisoni chomwe anali nacho ku siteshoni chinali chaching'ono poyerekeza ndi ichi. Analambalala mpando wa apongozi akewo, anatsegula windo n'kusuzumira kumseu.

"Achimwene!" anaitana. "Musazimitse galimoto. Kwerani kuno mudzandithandize kunyamula makina anga osokera."